Nkhani zimene mumawerenga zizikhala pa disk yanu

Anzanga amene muli ndi NAS kunyumba, kabokosi ka ma hard disk kamene kamasunga zithunzi ndi mavidiyo a banja kaja, ndikukupemphani kuti mukapatse ntchito ina. Ikanimo mapulogalamu awiri: yotolera nkhani zatsopano kudzera pa RSS (njira imene masamba a pa intaneti amalengezera zimene angotulutsa kumene), ndi yosungira nkhani zoti mudzawerenge mukapeza mpata. Ndikunena izi chifukwa taona kokwanira zimene zimachitika zowerenga zathu zikakhala m'manja mwa makampani.

Google Reader, yowerengera nkhani za pa RSS, inayamba mu 2005 ndipo anthu ankaidalira tsiku ndi tsiku, koma pa 1 July 2013 Google inaitseka. Pocket, yosungira nkhani, inayamba mu 2007 ikutchedwa Read It Later, Mozilla inaigula mu 2017, kenako mu July 2025 inatsekedwa. Omnivore, yosungiranso nkhani, imene anthu ambiri anali atangoyamba kuikonda, inatha mu November 2024 amene ankaipanga atapita kukagwira ntchito ku ElevenLabs. Zonsezi zinkagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku lomaliza. Eni ake anangoona kuti sizikuwapindulira, ndipo sindikuwaimba mlandu, poti zinali zawo. Koma munthu amene anasungako nkhani kwa zaka khumi sanafunsidwe.

Komabe mapulogalamu awiriwa sakulemera mofanana, ndipo ambiri saona zimenezi mpaka zitawagwera. Mndandanda wa masamba amene mumawatsatira ndi wosavuta kusamutsa. Pali kafayilo kotchedwa OPML kamene pafupifupi pulogalamu iliyonse ya RSS imatulutsa ndi kulandira. Google Reader itatsekedwa, anthu ananyamula mndandanda wawo n'kupita ku Feedly ndi kwina, moyo n'kupitirira. Zinawawa, koma zimene anataya zinali zochepa. Nkhani zosungidwa ndiye zina. Pocket ikutseka, chimene anthu anapatsidwa chinali makamaka fayilo ya CSV yokhala ndi malinki, mitu ya nkhani ndi ma tag. Mawu a nkhanizo munalibe. Kuti muwapezenso, pulogalamu yatsopano iyenera kubwerera ku linki iliyonse n'kukatenga nkhaniyo kachiwiri, ngati ikadalipo.

Ndipo nthawi zambiri imakhala kuti palibe. Kafukufuku wa Pew Research Center amene anatuluka mu 2024 anapeza kuti 38 peresenti ya masamba amene analipo pa intaneti mu 2013 anali asakupezekanso patatha zaka khumi. Nyuzipepala imasintha maonekedwe a tsamba lake, malinki akale n'kufa. Munthu wolemba payekha amasiya kulipira dzina la tsamba, kapena amamwalira, zolemba zake n'kupita naye. Nkhani imene inali yaulere amaitsekera kuti muzilipira. Zina amazisintha mwakachetechete, moti mukabwerera mumapeza ndime imene inakukhudzani ija itachotsedwa. Kusunga linki yokha kuli ngati kuloweza njira ya kumunda wa mnzako: njirayo ukuidziwa, koma chimanga sichili m'nkhokwe yako.

N'chifukwa chake ine ndimati pulogalamu yosungira nkhani ndiyo ikuyenera kwambiri kukhala pa NAS. Mukapatsa linki pulogalamu yotere, monga wallabag kapena Readeck, imapita kukatenga tsambalo nthawi yomweyo, imachotsa zotsatsa malonda ndi zokongoletsa zonse, n'kusunga mawu enieniwo pa disk yanu. Tsamba likadzafa, nkhani ilipobe. Mukhoza kuika mizere pansi pa mawu amene akugwirani mtima, kufufuza liwu limodzi m'nkhani zonse zimene munasunga, ngakhale kuzitulutsa ngati buku la EPUB n'kumawerenga pa chipangizo chowerengera mabuku popanda intaneti. wallabag ndi yakale, Nicolas Lœuillet anaiyamba mu 2013, ndipo ili ndi mapulogalamu a pa foni komanso imalumikizana ndi KOReader, pulogalamu ya pa zipangizo zowerengera mabuku. Readeck ndi yatsopano, yopepuka, imayenda ndi SQLite, database (nkhokwe ya deta) yokhala m'fayilo imodzi, popanda kufuna database ina pambali. Kwa munthu woyamba kumene, mtima wanga uli ku Readeck chifukwa zoti zingawonongeke ndi zochepa. Palinso Karakeep ndi Linkwarden kwa amene akufuna kusunga ngakhale chithunzi cha mmene tsambalo linkaonekera, koma zimenezo zimadya RAM ndi malo ambiri.

Nanga RSS n'kuiikiranji kunyumba ngati ndi yosavuta kusamutsa? Chifukwa chake ndi china. Mndandanda wa zimene munthu amawerenga umaulula zambiri za iye: matenda amene akumudetsa nkhawa, ntchito imene akufuna, chikhulupiriro chake, ndale zake. Zimenezi ndi bwino zizikhala m'nyumba. Komanso pa RSS nkhani zimabwera motsatana ndi nthawi imene zalembedwa, kuchokera kwa anthu amene mwasankha nokha. Palibe makina okusankhirani zoti zikukwiyitseni kuti musachoke msanga. Mukawerenga zonse, zatha, mukhoza kuika foni pansi. Kwa ine chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira.

Ena amaganiza kuti RSS inafa limodzi ndi Google Reader. Ayi ndithu. Ndi njira yakale, ya mu 1999, koma ma podcast mpaka lero amayendera yomweyo. Tsamba lopangidwa ndi WordPress nthawi zambiri mukawonjezera /feed kumapeto kwa adiresi mumaipeza. Tchanelo chilichonse cha YouTube chili nayo, ngakhale kuti saionetsa poyera. Pa Mastodon mumangowonjezera .rss ku adiresi ya munthu. Facebook ndi Instagram ndi zimene zilibe, ndipo pamenepo palibe chabodza chimene ndingakulonjezeni.

Pa mapulogalamu a RSS, awiri amene ndingakulozereni ndi FreshRSS ndi Miniflux. FreshRSS inalembedwa mu PHP, imatha kuyenda ndi SQLite, imalola anthu angapo a m'banja kukhala ndi akaunti zawozawo, ndipo mapulogalamu a pa foni ngati NetNewsWire amalumikizana nayo. Miniflux inalembedwa mu Go, ndi yosalira zambiri mwadala, koma imafuna database ya PostgreSQL basi. Ubwino wake ndi woti mukapeza nkhani yaitali mumangodina kamodzi, n'kuitumiza ku wallabag kapena Readeck. Apa ndi pamene awiriwa amagwirizana: wina amabweretsa, wina amasunga.

Kuika sikovuta monga mmene anthu amaopera. Ma NAS a Synology, QNAP, TrueNAS, Unraid ndi OpenMediaVault amatha kuyendetsa Docker, chida chimene chimaika pulogalamu iliyonse m'kabokosi kakekake kotchedwa container, ngakhale kuti ma NAS ena otchipa kwambiri sakwanitsa, choncho yambani mwafufuza mtundu wanu. Fayilo imodzi ya compose (malangizo opita kwa Docker) ya mizere yochepa ndi yokwanira. Chofunika kusamala ndi foda imene deta ikukhala: ikhale kunja kwa container, pamalo amene mukuwadziwa, kuti podzasintha pulogalamu zinthu zanu zisapite nayo. Dziwaninso kuti pulogalamu ya RSS imadzuka pafupipafupi kukaona ngati kwabwera zatsopano, ndipo ikamalemba mu database ma hard disk sagona. Ngati phokoso kapena magetsi akukudetsani nkhawa, ikani database pa SSD. Ndipo chonde musaiuze kuti izifunsa mphindi zisanu zilizonse. Kamodzi pa ola n'kokwanira, ndipo ndi ulemu kwa olemba ang'onoang'ono amene amalipira seva ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Pamene ndikufuna kulankhula mwamphamvu ndi pa nkhani yofikira NAS muli kutali ndi kunyumba. Musatsegule khomo pa rauta kuti NAS izionekera kwa aliyense pa intaneti. Mu 2021 Qlocker, ndipo mu 2022 DeadBolt, zida za akuba a pa intaneti, zinagwira ma NAS ambiri amene anali poyera chonchi, n'kutseka mafayilo a anthu mpaka alipire dipo. Kumbukirani kuti m'bokosi lomwelo muli zithunzi za ana anu. Gwiritsani ntchito WireGuard kapena Tailscale, mapulogalamu opanga njira yachinsinsi yolowera, kuti foni yanu yokha ndi imene izilowa, ngati kuti ili m'nyumba momwemo.

Chinanso, RAID, njira yogwirizanitsa ma disk angapo kuti azisungira deta limodzi, si bakapu. Imakutetezani disk imodzi ikafa, koma mukafufuta chinthu mwangozi, kapena database ikawonongeka magetsi atazima mwadzidzidzi, vutolo limalembedwa pa ma disk onse. Muzitulutsa kope la database ndi chida chake chenicheni, monga pg_dump ya PostgreSQL, osati kungokopera mafayilo pulogalamu ikuyenda. Kope lina lizikhala kunja kwa nyumba. Ndipo tsiku lina muyese kubwezeretsa, muone ndi maso anu kuti zikutheka.

Sindikufuna kubisa kuti ntchitoyi ili ndi mtolo wake. Masamba ena amakana kutengedwa ndi pulogalamu, ena amafuna kuti mulowe kaye ndi akaunti. Pamenepo kumathandiza kugwiritsa ntchito extension ya mu browser imene imatumiza tsamba limene mwatsegula kale. Mapulogalamu amafuna kuwasintha kukatuluka atsopano, ndipo chikawonongeka palibe ofesi yokadandaulako, wokonza ndinu nomwe. Ngati mukudziwa kuti simudzapeza nthawi ya zimenezi, kulipira anthu amene amayendetsa wallabag kapena Miniflux m'malo mwanu si cholakwika, bola muzitulutsa zinthu zanu nthawi ndi nthawi n'kuziika pa NAS.

Amene muli ndi fayilo ya Pocket ija imene yangokhala mu foda ya Downloads, yambani ndi imeneyo sabata ino. Ikani wallabag kapena Readeck, lowetsani fayiloyo, n'kuisiya usiku wonse ikutenga nkhani imodziimodzi. M'mawa muone zimene zalephera, ndipo zimene mukuzifunadi mukazifufuze pa Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga makope a masamba akale, mwina zina mukazipeza kumeneko.