Mbira za pa Mulanje sizidziwa kuti galu wanu ndi wa mtauni

Abale ndiloleni ndilankhuleko za agalu chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira sabata yatha. Musanayambe zoti ndimadana ndi agalu, dziwani kuti kwathu kuno ku Likhubula ndili nawo awiri, Tiger ndi kamwana kake, amadya nsima yomwe ndimadya ine.

Alamu anga a ku Blantyre anaimba foni kuti tikubwera Loweruka, tidzera ku Thyolo tione minda ya tiyi, tigona kwanuko, mawa lake tikwere phiri kenako Lolemba titsetserekere ku Majete. Ine ndinati bwerani alamu, zinanazi zapsa. Galimoto kungoima chonchi woyamba kutsika ndi galu. Osati agalu athu ogona paphulusawa ayi, chigalu chaubweya ngati nkhosa, chakhala mpando wakutsogolo njira yonse, achemwali anga ndi ana atapanikizana kumbuyo. Akuti chinasanza kawiri pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo mpaka anaima kuchitsuka ndi madzi ogula a m'botolo, amayi ogulitsa mapeyala pamsewu kungogwira pakamwa.

Za pamsewuzo ine ndilibe nazo vuto, galimoto ndi yanu mafuta ndi anu, bola musamutsekere mkati mawindo onse pa dzuwa la Okutobala inu muli pa chiwaya pa Chitakale, galu satuluka thukuta ngati ife amangodalira kuwefuka ndi lilime, kutentha kumamumaliza msanga. Pamene tinasemphana ndi pa nkhani ya paki ndi phiri.

Alamu akuti kunja anthu amayenda ndi agalu awo m'mapaki, amaonera pa YouTube. Ndinati alamu kunja kwake kuti? Ku America komweko mapaki ambiri galu amangololedwa m'misewu, poimika galimoto ndi pamalo ogona, ali pachingwe chosapitirira mafiti 6, tinjira tambiri ta m'tchire saponda. Ku Kruger ku South Africa ziweto salola nkomwe. Nde kuno Majete ndi Liwonde ndi chimodzimodzi, galu salowa, ndipo ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Majete ija nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu, a bungwe losamalira mapaki la African Parks atayamba kuyang'anira mu 2003 ndi pamene anayamba kubweretsanso pang'onopang'ono, mikango inafika 2012, mu 2021 anabweretsa mimbulu 14 kugawa Liwonde ndi Majete. Mimbulutu ndi pachibale ndi galu, chiwewe amapatsirana, matenda ena a agalu otchedwa distemper amapatsirana, ndipo poti imakhala pagulu nkumanyambitana, m'modzi akatenga gulu lonse lapita. Ku Serengeti ku Tanzania mu 1994 distemper yochokera kwa agalu a m'midzi yozungulira inapha mikango pafupifupi 1,000. Mikango anthuni, osati akalulu.

Iwo akuti wanga anabayitsa zonse ali ndi kabuku kake ka kwa vetenale. Chabwino, ndakhulupirira. Koma lero mukalowa inu ndi kabuku mawa alowa wina wopanda kabuku nkumati nanga uja analowa bwanji. Komanso mumamukondadi galuyo? Kambuku galu amamuona ngati ndiwo, mu Shire muli ng'ona, njovu ikamva kuuwa siyifunsa kuti mwini wake ndi ndani.

Pa Majete anagonja msanga. Paphiri ndi pamene anakakamira, akuti apa palibe mikango palibe njovu, galu alakwira ndani. Apa nde pamene pandipweteka ine.

Phiri lathuli ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma kwerani lero muone chatsala. Mbira m'miyala, chinkhoma mwa apo ndi apo ukachita mwayi, agwape, anyani, apusi ndi tina tochepa. Ndipo ife a kuno tikudziwa chimene chikumaliza timene tatsalati, tisanamizane, ndi uzimba, anyamata athu omwe amakwera ndi agalu atatu anayi nyengo yadzuwa udzu ukauma, kuyatsa moto kuti mbira zituluke agalu nkumagwira, motowo nkuthawa kukapsereza mbande za mkungudza zimene anthu avutika kudzala, mtengo woti mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha dziko lonse lapansi. Mnyamata wotere akapezeka cha ku Lichenya ndi agalu ake aliyense amati wakuba nyama, amuthamangitsa, ndipo mpake. Koma tsiku lomwelo njira yomweyo pakadutsa munthu wa nsapato zodula ndi chigalu chake chikuthamanga chomasula, kununkhiza una uliwonse, iye busy kujambula, timati ndi mlendo takulandirani bwana. Kodi mbira ikamva fungo la galu imadziwa kuti uyu amadya za m'paketi? Imathawa chimodzimodzi, kusiya kudya, kusiya ana. Nkhwali yaikira mazira m'udzu ikavumbulutsidwa siyiona kolala yapakhosi. Ine ndili ndi mwana wa achimwene anga amene ndakhala ndikulimbana naye kuti asiye zokwera ndi agalu, nde andione ndatsogolera alamu ndi chigalu chawo kupita pa Chambe, ndidzamuuzanso chani? Adzati ankolo vuto si galu, vuto ndi umphawi wangawu eti. Ndipo sindidzakhala ndi poyankha.

Kwa ine lamulo likhale limodzi, wa m'mudzi wa mtauni wa mzungu, galu atsale pansi.

Nanga galu mwini wakeyo phirili amalifuna? Anthu amaona zithunzi za pa Sapitwa, nsonga yaitali ya phirili, nkumayesa ndi kukwera chulu, pajatu ndi mamita 3,002, kuchoka pa kanyumba kogona okwera ka pa Chisepo kupita pamwamba ndi matanthwe okhaokha, pena ukukwawa ndi manja pena ukulowa pansi pa miyala ngati buluzi. Galu wozolowera matailosi mapazi amasupuka pathanthwe lotentha tsiku loyamba lomwe. Akaona anyani nkuwathamangira, nyani wamphongo mano ake si ocheza, ndipo chiperoni chikangotsika mwadzidzidzi muja chimachitira, munthu pa mamita ochepa osamuona, galu mukamusaka kuti? Mapeto ake amene amavutika ndi mnyamata wonyamula katundu, chikwama chanu kumsana, chigalu chotopa paphewa, ndalama yomwe ija munagwirizana poyamba osaonjezera olo kakhumi. Zinazi tiziganizirako anzathu.

Ndinawakumbutsanso za madzi. Mitsinje ya m'phirimu okwera amamwa osaphitsa, ife pansi pano ndi yomweyo, ndipo ena mwa madzi amene akutuluka m'mipope ku Blantyre amachokera mu Likhubula momwemu. Ndinati alamu mukamusambitsa pa Dziwe la Nkhalamba mukamupeza mu tiyi wanu Lachiwiri. Achemwali anaseka mpaka misozi, alamu sanaseke.

Sindikuti galu asaone kunja ayi. Malo oyenda naye alipo ambirimbiri, misewu yafumbi ya m'mphepete mwa minda ya tiyi kuyambira ku Thyolo mpaka ku Muloza, phiri ukuliona lonse bwinobwino, m'mawa kukuzizira, bola akhale pachingwe chifukwa nkhuku ndi mbuzi za anthu zili ponseponse ndipo mlandu wa mbuzi kwa amfumu sumatha ndi pepani. Amene amalumidwa kwambiri ndi agalu kuno ndi ana, mayi akaona chigalu chachilendo chikuthamangira mwana wake sayamba wafunsa za kabuku.

Nde Lamulungu tinakwera opanda galu, alamu nkhope ili gwa mpaka pa mathithi, kenako thukuta linawaiwalitsa. Chigalu chinatsala pakhomo ndi Tiger, poyamba kuopsezana, pobwera madzulo tinapeza zagona limodzi kuseli kwa khitchini ubweya wonse phulusa lokhalokha. Ku Majete anapita Lolemba atakachisiya kaye kunyumba ku Blantyre.

Dzulo aimbanso foni, akuti mlamu kodi munamupatsa chani galuyu, chakudya chake cha m'paketi akungonunkhiza nkuchoka. Ndawauza kuti mkute ndi mitu ya usipa.