Lekani kuwathamangitsira ku situdiyo anyamata a mabanjo

Pali mawu amene ndatopa nawo, ndipo lero ndiwanena poyera. Mnyamata wa ku Chadiza kapena ku Vubwi akangoponya kanyimbo kake kojambula pa foni, banjo kapena gitala m'manja, mawu ake okha popanda makina, simuchedwa kuona wina atalemba pansi pake kuti, "Luso lilipo mwana iwe, koma pita ku situdiyo." Wina n'kuwonjezera kuti, "Apeze womuthandiza, ikhale nyimbo yeniyeni." Nanga imene mwamvayo n'chiyani? Mwaimvera mpaka kumapeto, ena mwaibwereza, mwaitumiza kwa alamu anu ku Lusaka, koma mukufunabe kuti ikayambe yadutsa m'manja mwa munthu wa kompyuta musanaivomereze.

Ine ndikuti ambiri mwa oimba amenewa situdiyo siwakonza ayi, imawawononga. Ndati ambiri, sindinati onse, musandidye.

Amene munalowako m'masitudiyo athu a m'makomboni mukudziwa momwe zimayendera. Kachipinda kamodzi, kompyuta, kiyibodi, maikolofoni imodzi, masiponji kukhoma. Woimba akafika, mwini situdiyo amamuuza kuti aimbeko pang'ono, kenako amatsegula biti imene ali nayo kale n'kuyamba kuikokera kuti igwirizane ndi nyimboyo. Vuto limayambira pomwepo. Biti ya kompyuta imayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, siifulumira, siichedwa. Nyimbo zathu siziyenda choncho. Mverani chitelele amayi akamaomba m'manja madzulo, kapena chimtali pa ukwati. Zimayamba mwaulemu, zikatentha zimathamanga, ndipo manja ndi mawu zimapingasana mwa katatukatatu, osati mwa kanayi kamene kali m'mabiti ambiri okonzeratu. Mnyamata amene anakulira pafupi ndi magule amenewa, kayendedwe kameneko kali m'dzanja lake lamanja pamene akukwapula mawaya. Mukam'manga pa biti, dzanjalo limasowa pogwira. Akaphonya kawiri katatu, amauzidwa kuti, "Ika pansi banjoyo mdala, ikusokoneza, ndikuikira gitala ya m'kompyuta." Basi, chimene chinatikopa poyamba chija chatsamira kukhoma.

Kenako pamabwera makina owongola mawu aja. Chinyanja chathu mawu amakwera ndi kutsika pawokha, ndipo woimba wakumudzi amatsata kukwera ndi kutsika kumeneko, nthawi zina n'kudutsa pakati pa manotsi awiri a kiyibodi. Makinawo amaona ngati walakwitsa, amamukokera pa notsi yapafupi. Zotsatira zake, wa ku Lundazi, wa ku Petauke ndi wa ku Katete onse amatuluka ndi mmero umodzi. Ndi chimodzimodzi kuthira mafuta ophikira m'chibwabwa chotendera kale, poganiza kuti ndiye chikoma ngati cha m'tauni.

Mwana wa mlongo wanga zinamuchitikira. Anali ndi kanyimbo kodandaula za mtengo wa fetereza, kamene anthu anakakonda kwambiri atakajambula atakhala pa mpando wa ndalema kuseli kwa nyumba, tambala akulira chapatali. Atamva malangizo anu aja anagulitsa mbuzi, nakwera basi kubwera kuno ku Chipata. Anabwerera ndi nyimbo yosalala bwino, yokhala ndi ng'oma zogunda pamtima. Atawatsegulira agogo ake, anamvetsera mwachidwi, mutu uli pambali, kenako anafunsa kuti, "Woimbayu ndi mwana wa yani?" Mwini wake ali chiimire pamaso pawo.

Banjo imene anauzidwa kuti aike pansiyo ndinaiona ikupangidwa. Thupi lake ndi chitini cha mafuta chodula pakati, pamwamba anakungapo chikopa cha mbuzi chonyowa n'kuchikhomera ndi timisomali kuti chikauma chilimbe. Khosi anasema yekha ndi kasemasema. Mawaya anachotsa ku chingwe cha buleki ya njinga, kumasula kamodzikamodzi mpaka zala kutuluka magazi. Ndipo kuno mawaya otere sasowa, Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira masiku a fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle. Pochuna sayang'ana kiyibodi, amachuna motsata pamene mmero wake umafika bwino. Ndiye chida chotere chimalira mwa icho chokha, ndi kakunjenjemera kena kamene simungakapeze m'kompyuta iliyonse. Wina akamve kameneko n'kunena kuti ndi phokoso?

Akuluakulu athu amene ankamvera wailesi kale akudziwa kuti nyimbo za dziko lino zinayambira pa zinthu zoterezi. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, mzungu wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, ankayenda ndi galimoto yodzaza makina m'midzi ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland (Zambia ndi Malawi za lero), kujambula anthu pabwalo, amayi pamtondo, anyamata ndi magitala awo. Mu 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo ya International Library of African Music, imene lero ili ku Rhodes University ku South Africa, ndipo zojambula zija anthu akuzimverabe. Alick Nkhata, amene anagwirako ntchito ndi Tracey asanakhale muulutsi pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka, anatchuka ndi gitala wamba ndi mawu ogwirizana bwino. Anthu ankamumvera pa tiwailesi totchipa tija ta Saucepan Special timene tinabwera mu 1949. Foni imene ili m'thumba mwanu lero imagwira mawu bwino kuposa momwe kawailesi kameneko kankawatulutsira, koma palibe amene ankati Nkhata si woimba weniweni.

Ngati zakale zikukutopetsani, yang'anani tsidya la malire a Mwami, ku Malawi. Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka. Kumeneko kuli Madalitso Band, amuna awiri amene ankaimba m'misewu, wina ndi gitala ya mawaya anayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene, wina ndi babatoni, chida chachikulu cha besi cha waya umodzi. Afika mpaka ku Ulaya ndi zida zomwezo. Amene anawaitana kumeneko sanawauze kuti asiye babatoni pakhomo. Anawaitanira babatoniyo.

Tsopano nditembenukire kwa inu oimba, chifukwa nanunso muli ndi mlandu. Kukana situdiyo sikutanthauza kuti muzitipatsa zilizonse. Chunani chida chanu musanayambe, chonde. Pali ena mumaponya nyimbo waya umodzi uli wolephereka, ife n'kumamva kuwawa m'mano mpaka nyimbo kutha. Kumeneko si kukhala wachikhalidwe, ndi ulesi.

Ndipo foni musamaiike pakamwa penipeni pa gitala. Pabowo paja pamatuluka mawu okhuthala okhaokha, kamaikolofoni ka foni kamadzaza, zonse zimangomveka phuu phuu. Itsamizeni ku kapu pa tebulo, motalikira ngati kutambasula mkono, iloze pamene khosi la gitala likumana ndi thupi, pokwera pang'ono kuti igwirenso mawu anu. Jambulani kachidutswa, mverani, sunthani, jambulaninso. Mukakhala awiri kapena atatu, wa mawu aakulu akhale kumbuyo, wa mawu aang'ono kutsogolo, wa chisekese apite kutali ndithu chifukwa chimalasa m'makutu. M'nyumba ya simenti yopanda katundu mawu amabwerera, ndiye lowani m'chipinda chogona momwe muli matiresi ndi zovala, kapena pachikani bulangeti kukhoma. Nyumba ya udzu imajambula bwino kuposa ya malata, ndipo mvula ikayamba pa malata ingosiyani, mudzajambula mawa. Panja ndi pabwino ngati kulibe mphepo, koma mu Ogasiti musayese n'komwe.

Chinanso ndinene, ngakhale ena museka. Nthawi yabwino yojambula m'komboni ndi pamene malaiti apita. Chigayo chimakhala chete, masipika a kumabala chete, furiji chete, wowotcherera zitseko uja naye wakhala pansi. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba tinalira tonse ndi mdima, koma nyimbo zina zoyera bwino zimene ndinalandira zinajambulidwa m'masiku omwewo. Bola foni ikhale ndi moto, ndipo aneba asakhale ndi jenereta.

Potumiza pa WhatsApp, musajambule ndi kabatani kotumizira uthenga wa mawu kaja. Kameneko anakapangira kulankhula, kamafinya mawu kuti asadye bandulo, ndipo gitala imatuluka ngati ikulirira m'madzi. Jambulani ndi pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni, kapena vidiyo, ndipo mutumize ngati dokyumenti kuti ifike momwe ilili. Idya bandulo yochulukirapo, inde, koma siifika pa mtengo wa mbuzi.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri si kamvekedwe. Ndi maina. Tracey uja, ngakhale anali mzungu wa nthawi ya atsamunda ndipo pali zambiri zoti tingamunene, ankalemba dzina la woimba, dera lake ndi chilankhulo chake. Ife eni ake tikulephera. Nyimbo imachoka ku Sinda, imadutsa m'magulu a tchalitchi, a kubanja, a anzathu a kusukulu, ikamafika ku Kitwe yasanduka "mdala wina wa kum'mawa". Wina amadula poyambira, n'kumatapo dzina la tsamba lake ndi tizithunzi toseka. Mawa mudzamva woimba wa m'tauni watenga kolasi yonse, waikapo biti, ikulira m'mabasi, mwini wake akupalira mtedza osadziwa kanthu. Kuli bungwe la ZAMCOPS loyang'anira za umwini wa nyimbo, koma lingamuthandize bwanji munthu amene ngakhale omukonda sakumudziwa dzina? Choncho oimba, musanakhudze waya, nenani dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yanu ndi mutu wa nyimbo. Ena anzeru amadzitchula m'kati mwa nyimbo momwe, monga ankachitira akale, kuti wodula asowe podula. Ndipo inu otumiza, kulemba dzina la munthu sikutha bandulo.

Apa ndipatukeko pang'ono. Si zonse zoimbidwa zimene ndi zoponya pa intaneti. Za kudambwe ndi za m'chinamwali zili ndi eni ake ndi malo ake. Zimene zimaonetsedwa poyera ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi zina, za kuseri ndi zina. Funsani akulu musanatsegule kamera.

Kwa ife omvera, timoto ndi timitima timene timaponya pansi pa nyimbo sitimuphunzitsa kanthu woimba. Muuzeni kuti vesi yachiwiri yatalika, kuti mawu akumira pansi pa gitala, kuti mwambi umene waikamo waupotoza. Muuzeninso pamene pakugwirani mtima, adziwe poti asunge. Ngati yakukomerani zedi, pemphani nambala yake mumutumizire kangachepe ka mawaya atsopano, kapena muitaneni adzaimbe pa chinkhoswe m'malo mobwereka masipika. Mawailesi athu a kuno, monga Breeze FM ndi Radio Maria, amamveka m'midzi momwe muli oimba amenewa. Ndikanakonda omvera tikanamapempha nyimbo zoterezi ndi maina a eni ake, kaya pamveka tambala kumbuyo kaya ayi.

Anzanga a masitudiyo, sindikukuthirani mchenga m'nsima. Pali nyimbo zimene zimafunadi kompyuta, ndipo achinyamata ovina m'makalabu akukudalirani. Ndipo alipo ena mwa inu amene mumadziwa kutchera maikolofoni patsogolo pa banjo, kuzimitsa biti, n'kumusiya munthu aimbe momwe amaimbira kwawo. Woimba amene wafunitsitsa situdiyo afunefune wotere. Musanapereke ngwee iliyonse, funsani funso limodzi: "Kodi banjo yangayi ilowa?" Akayamba kukanda m'mutu, inyamuleni muzipita.