Phiri silikulipirirani lenti

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mphwanga wapeza ntchito mumzinda wina waukulu wa m'tsinde mwa mapiri, mizinda ija anthu akukhamukirako tsiku ndi tsiku. Ejenti wa nyumba anamutumizira zithunzi pa WhatsApp, choyamba phiri, chachiwiri phiri dzuwa likulowa, chachitatu phiri lomwelo atalijambula ali pakhonde, nyumba yeniyeniyo kungooneka kangodya ka windo basi. Mwana wa eni analipiriratu dipoziti asanaione. Tsiku losamuka lole inakanika chitunda, katundu anamutsitsira m'munsi, matilesi pamutu wefuwefu mpaka pamwamba. Kulowa m'nyumba kutsegula mpopi, ukungotulutsa mphepo. Kumuimbira ejenti uja, yankho lake ati koma dikirani muone mmene phiri likuonekera m'mawa. Zoona zimenezo? Munthu akulira madzi inu mukumuyankha za phiri?

Abale anga, amene mukuganiza zosamukira kumizinda yotereyi ndimvereni bwino. Phiri silikulipirirani lenti. Phiri silikutungirani madzi, silikunyamulani kupita ku ntchito, mwana akatentha thupi pakati pa usiku phiri silibwera ndi galimoto. Mukusamukira mumzinda, wa lenti, wa mizere ya magalimoto, wa mabilu, osati pachithunzi chomwe mwaona pafoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu achuluka, malo athyathyathya anatha kalekale, phiri nalo silisuntha, nkhani yake ndi yomweyo. Ndiye wobwera mochedwa amakankhidwira kumtunda, ndipo kumtundako amamuuza kuti wachita mwayi chifukwa aziona mzinda wonse ali pakhonde. Mwayi wake uti? Madzi sakwera phiri okha, amachita kukankhidwa ndi mapampu, magetsi akangothima kapena madzi akachepa m'mathanki oyamba kuuma ndi a pamwamba, omaliza kulandira ndi a pamwamba omwewo, ena amachita kudzuka usiku anthu onse atagona kuti mwina mpopi udontheko. Ndipo musaganize kuti poti pali phiri ndiye kuti madzi ndi mbwee. Cape Town ili ndi Table Mountain, phiri lomwe dziko lonse limalijambula, koma mu 2018 anthu ake anauzidwa kuti aliyense asapitirire malita 50 patsiku, kusamba, kuchapa, kuphika, chimbudzi, zonse mu 50 momwemo, mzinda utatsala pang'ono kutseka mipopi. Phiri linali pomwepo, lokongola ngati kale. Linawamwetsa?

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi chomwe mphwanga anandionetsa pa vidiyo kuseri kwa nyumbayo. Omanga anachita kusema phiri kuti nyumba ikhale, khoma ladothi lofiira laima chilili kutalika kuposa denga, palibe mwala, palibe simenti, palibe ngalande, pamwamba pake pali chitsa cha mtengo omwe anadula ndi maziko a nyumba ina yomwe akumanga. Mvula ikagwa madzi onsewo apita kuti? Ejenti sanajambule pamenepo. Anaima pakhonde, n'kufulatira khomalo, n'kujambula dzuwa. Munthu wotere ali ndi mtima? Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, pa 14 Ogasiti 2017, mbali ya phiri la Sugar Loaf inagumuka m'bandakucha mvula itagwa masiku angapo, anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri ali m'tulo m'nyumba zomwe anamanga pamalo omwe kale panali nkhalango. Amenewo sanali anthu opusa ayi, anali anthu ngati ife tomwe, ofuna pogona pafupi ndi ntchito. Ndiye wina azikugulitsani malo otsetsereka ngati akukugulitsani ulemerero, osatchulako n'kamodzi komwe za madzi a mvula?

Mpweya wabwino wa kumapiri, amatero. Pitani mukafunse a ku Salt Lake City ku America kapena ku Santiago ku Chile nyengo yozizira. Mzinda ukakhala m'chigwa mapiri atauzinga, mpweya wozizira umakhazikika pansi, wofunda n'kukhala pamwamba pake, utsi wonse wa magalimoto ndi mafakitale umasowa kotulukira ngati mphika wovundikira, masiku angapo phirilo osalionanso n'komwe, a mphumu ali pamavuto. Komanso kukwera kwa malo kumene, Denver ya ku America ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Mexico City kupitirira 2,200, wobwera kumene masiku oyamba masitepe ochepa okha befu, mutu kuwawa, tulo osabwera. Thupi limazolowera inde, koma wamtima kapena wa BP ayenera kuuzidwa asanakwere basi, osati akazindikire ali konko. Za moto wolusa ndiye sindiyamba, Disembala 2021 moto unapsereza nyumba zoposa 1,000 kufupi ndi mzinda wa Boulder ku America tsiku limodzi, mphepo ikutsika m'mapiri.

Ndikudziwa wina abwera apa kuti ndiye tisapiteko? Sindinanene choncho. Ntchito zili kumeneko, masukulu ali kumeneko, munthu sangakane ntchito chifukwa cha chitunda. Pitani. Koma pitani ndi maso, osati ndi chithunzi. Musalipire nyumba musanaponde pakhomo pake. Tsegulani mpopi nokha masana, osati usiku. Zungulirani kuseri, yang'anani ming'alu m'makoma, yang'anani komwe madzi a mvula amadutsa, dothi limanena lokha. Funsani mayi woyandikana nawo, osati landilodi, kuti mvula ikagwa galimoto imafika? Yendani ulendo wa ku ntchito m'mawa nthawi yomwe aliyense akupita, chifukwa pa mapu pamaoneka pafupi koma mzinda wa m'mapiri misewu yake imakhala yowerengeka, onse mumathithikana mumsewu umodzi wodutsa pakati pa mapiri awiri, galimoto imodzi ikafa onse mwachedwa. Ku Medellín, mzinda wa ku Colombia, mpaka mu 2004 anachita kuyamba kunyamula anthu a m'mapiri pa tingolo toyenda pazingwe m'mwamba, chifukwa kutsika kukafika pakati pa mzinda kunali ulendo. Kumene mukupitako zilipo zimenezo? Safunsa anadya phula.

Ndipo phiri lomwe mukulipirira lenti yokwerayo mudzalikwera liti? Kuchoka kukadali mdima, kubwerera kutada, Loweruka kuchapa ngati madzi abwera, Lamulungu thupi lonse lili zii. Anthu amatha chaka ali pamenepo osapondako n'komwe, phiri kumangoliona pawindo la basi. Koma ndalama yake akudula mwezi ndi mwezi.

Komanso inu amene munatsogola kale kumizinda imeneyi, inunso muli ndi mlandu. Tsiku lililonse pa Facebook zithunzi, mwaima pamwala manja m'mwamba, kumbuyo mitambo, bwerani kuno kuli bho. Zoti mumagona anthu asanu chipinda chimodzi simulemba. Zoti theka la malipiro limathera lenti ndi thiransipoti simulemba. M'bale wanu akakufunsani kuti dera lakuti kuli bwanji mumangoti ndi kwabwino, chifukwa mukuopa kuoneka ngati zikukuvutani. Ndiye munthu wagulitsa katundu wake, wafika ndi chikwama pa depoti, akukuimbirani, foni yangolira osayankha, kachiwiri mwathimitsa. Kenako ndinu nomwe mumayamba kudandaula kuti obwera achuluka, atikwezera lenti, atidzazira misewu. Anawaitana ndani?