Bingo wanga anavutika ndi khutu miyezi itatu

Eeh nkhani mwalembayi ya CT scan ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, poyeza makutu a agalu yandikumbutsa Bingo wanga kuno ku Area 25. Anayamba ndikupukusa mutu, kukanda khutu mpaka magazi, fungo lake ndiye osanena, ana ankachita kuthawa pakhonde. Ine ndimaona ngati ndi nkhupakupa basi, kumusambitsa dipi, kumudonthezera timankhwala, zimachita ngati zatha kenako pakapita masabata awiri mafinya abweranso, mpaka anayamba kuyenda mutu utapendekera mbali imodzi ngati waledzera.

Mwanenadi zoona kuti katochi kaja adokotala amaunikira kamangoona njira yakunja, khutu la galu ndi lopindika ngati L, ndiye matenda akadutsa kang'oma ka m'khutu nkulowa mkati umangoganizira. CT imaonetsa bwino fupa lomwe lazungulira mkatimo ngati lakhuthala kapena mwadzadza mafinya, pomwe MRI ndi ya mitsempha ndi ubongo, X-ray wamba zambiri zimaiphonya.

Koma abale mtengo wake, komanso galu amafunika kumugoneka kaye ndi mankhwala kuti asagwedezeke m'makinamo. Ife a vet anachita kumugoneka, kutsuka khutu lonse, kuyeza mafinya pa maikulosikopu ndikutipatsa ma antibiotic a masabata angapo. Anachira inde koma mutu ukadali wopendekera pang'ono, zimandiwawa ndikamamuona akuthamangira ku geti kudzandichingamira. Funso langa, galu akafika popendeketsa mutu chonchi, sikani ingathandizebe kapena nthawi inadutsa kale?