Mphunzitsi wa ndege wobwera: ku Joni, ku Nairobi, ku Lusaka ndi kuno kwathu

Ife a cha ku Matawale kuno ndege siidabwitsa munthu. Ikamalira pa Airwing m'mawa, amayi amapitiriza kusesa, ana okha ndi amene amakweza maso. Gulu la ndege la asilikali athu linayamba mu 1976 ndi thandizo la dziko la Germany, n'chifukwa chake dzina loti Dornier, mtundu wa ndege za ku Germany, ngakhale wa kabaza amalidziwa kuno ku Zomba. Mwina mbiri imeneyi ndi imene inatizoloweretsa kuganiza kuti mphunzitsi wa ndege wochokera kunja ndi bwana wa nyumba ya m'phiri, wa galimoto yomudikirira pakhomo. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mwana wa achemwali anga atakhala mphunzitsi wobwera iye mwini, ku South Africa.

Ntchitoyi ili ndi malipiro awiri: ndalama ndi maola. Ku South Africa munthu amalandira laisensi yoyendetsa ndege molipidwa akakwanitsa maola 200 ali m'mwamba, koma laisensi yapamwamba, imene kaputeni wa ndege yaikulu amayenera kukhala nayo, imafuna maola 1,500. Pakati pamenepa pali chigwa chachikulu, ndipo kubwereka ndege yaing'ono ya Cessna 172 ndi ndalama za m'thumba kuti uchidzaze, ngakhale mwana wa nduna angalire. Ndiye achinyamata amaphunzitsa anzawo kuti buku la maola lizidzaza. Eni sukulu amadziwa bwino lomwe kuti mnyamatayo akufuna maola kuposa mmene akufunira ma rand, ndipo malipiro amawayika ali ndi zimenezi m'mutu.

Ku Joni sukulu n'zambiri: pa mabwalo a ndege a Lanseria, Grand Central, Rand, Wonderboom ku Pretoria, mpaka 43 Air School ku Port Alfred m'mbali mwa nyanja. Ophunzira amachokera ku Africa konse, ku India ndi kumayiko a Aluya, kotero maola amapezeka. Koma m'sukulu zambiri zazing'ono amakulipira ola limene injini yalira basi. Nthawi yofotokozera wophunzira pa bolodi, yoyendera ndege, yodikirira mafuta, yolemba malipoti, imapita ngati ya nsembe. Mphwathuyo anandiuza tsiku lina kuti, “Amalume, lero ndafika dzuwa lisanatuluke, ndachoka litalowa, koma ndauluka ola limodzi.” Mvula ya mabingu inali itatseka Gauteng, dera la Johannesburg ndi Pretoria, masana onse. Kwathu kuno timati limenelo ndi ganyu, kungoti waganyuyu wavala malaya oyera a mizere paphewa.

Palinso makwerero. Woyamba kumene amakhala Grade III, amagwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo sangalole wophunzira kuuluka yekha koyamba. Akaphunzitsa maola 200 ndi kukhoza mayeso amakwera kukhala Grade II, apo ndiye mawu ake amayamba kumveka pokambirana za malipiro. Koma wobwera amakumana ndi khoma lina, la mapepala. Chitupa cha sukulu chimalola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata, ndipo mpaka mu 2024, chikatha, wolemba ntchito ankayenera kuonetsa kuti wasowa nzika yoti igwire ntchitoyo, m'dziko limene achinyamata a laisensi ali mbwee kusaka ndege yoti akwere. Munthu amene chitupa chake chamangiriridwa ku sukulu imodzi sakangana ndi bwana. Amangoti inde.

Ku Kenya zonse zimazungulira pa Wilson Airport ku Nairobi, bwalo lodzaza ndege zazing'ono za alendo okaona nyama ndi za mabungwe othandiza anthu. Ubwino wake ndi woti mphunzitsi amaonana tsiku ndi tsiku ndi anthu amene mawa angamulembe pa ndege yaikulupo. Kuipa kwake, pa mzere wodikira kunyamuka wophunzira amalipira mphindi zongokhala pansi, ndipo amakwiyira iwe. Chilolezo cha ntchito cha Class D chimafuna kuti pakhale Mkenya amene akuphunzira ntchito yako kuti adzalowe m'malo mwako. Ine lamulo limeneli silindiwawa. Limanena poyera kuti mlendo ndi mame, ndipo munthu amalowa akudziwa.

Chimene ambiri amaiwala powerengera n'choti laisensi siwoloka malire yokha. Ya ku South Africa ukafika nayo ku Kenya, ku Zambia kapena kuno, bungwe loona za ndege la dzikolo liyenera kuivomereza kapena kuisintha, nthawi zambiri ndi mayeso a malamulo awo komanso kupimidwa ndi dokotala. Masabata amenewo suuluka, lendi ikuwerenga. Kontirakiti imene sinena kuti alipire zimenezi ndani, ineyo ndingaibweze isanasainidwe.

Sukulu za boma kapena za kampani yaikulu zimayenda mosiyana. Sukulu ya ku Soroti ku Uganda, imene inatsegulidwa mu 1971 m'nthawi ya East African Community yoyamba, ZASTI, sukulu ya boma ya za ndege ku Lusaka, komanso sukulu ya Ethiopian Airlines, kumeneko mphunzitsi ndi wantchito wa pamwezi, kugwe mvula kusagwe. Koma kumeneko wakunja amene amamufuna si mnyamata wa maola 250. Amafuna mkhalakale, woti aphunzitse aphunzitsi kapena kuyesa mayeso. Apa ndi pamene pali mphunzitsi wobwera uja timamuganizira ife, wa nyumba ndi tikiti yobwerera kwawo, ndipo ndi ochepa. Ethiopian imatikhudza mwapadera poti ili ndi magawo 49 pa 100 a Malawi Airlines, ndiponso 45 pa 100 a Zambia Airways imene inayambiranso kuuluka mu 2021. Aneba athu a ku Zambia amatiposa pa chinthu chimodzi chooneka: ali ndi kampani ya ndege ya Proflight ndi makampani onyamula alendo kupita ku Mfuwe ndi ku Lower Zambezi, kotero mphunzitsi amaona poponda akachoka pa sukulu.

Za Mozambique ndingodutsa. Pawailesi ya ndege Chingerezi chimagwira, koma wophunzira akasokonezeka pafupi ndi kutera amamva chinenero chimene anakula nacho, ndipo lamulo lawo limaika malire a chiwerengero cha akunja malinga ndi kukula kwa kampani.

Nanga kuno? Mlengalenga mwathu muli phee, palibe mzere wodikira ngati pa Wilson, ndipo wophunzira amene wazolowera chiperoni chikamakuta phiri la Zomba ndi Mulanje, kapena utsi wa lupsa wa mu Seputembala, waphunzira zimene buku silingamupatse. Nyumba ndi chakudya n'zotsika mtengo poyerekeza ndi Johannesburg. Chilolezo cha ntchito cha mlendo, chotchedwa TEP, chimaperekedwa cha zaka ziwiri. Koma mlendo aliyense funso lake loyamba ndi loti, mundilipira mu ndalama yanji? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amene anasaina mu kwacha anagona ndi malipiro ena n'kudzuka ndi ena. Ukamulonjeza madola, uwapeza kuti, pamene mafuta a ndege zazing'ono otchedwa avgas ndi zipangizo za ndege nazonso zikudikira madola omwewo ku banki? Ndipo ndege ya sukulu ikakhala pansi mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kamodzi, mphunzitsi waluza malipiro onse awiri, ndalama ndi maola omwe.

Pa mayiko onsewa, ine ndimaona kuti South Africa imafinya koma imapereka chimene wachinyamata wapitira. Ife sitifinya munthu, kungoti tilibe chomugwirira. Mabanja amagulitsa malo kuti mwana akaphunzire ku Joni, ndalamazo n'kutsala komweko, mwanayonso n'kutsala komweko akuphunzitsa ana a eni.

Sabata yatha achemwali anabwera kudzatenga mbewu, ndipo tinamuimbira mnyamatayo pa WhatsApp tili pakhonde. Mayi ake anamufunsa ngati abwere pa Khirisimasi. Anati Disembala ndi mwezi umene aphunzitsi eni dziko amapita ku tchuthi, ndiye ophunzira awo onse amagwera iye, sangausiye. Achemwali anangoti chabwino, n'kufunsa ngati ufa umene anatumiza pa basi unafika.