Wobwereketsa geji yonama, wabodza ndi iyeyo

Ndapsa mtima ndipo ndinena. Loweruka lathunthu ndathera chogwada pambali pa njinga yanga yamoto, thanki ili pansi, manja akununkha petulo, chifukwa cha munthu mmodzi amene anaumira kachiganizo kamodzi kokha pondipatsa zida zake.

Njinga yanga ndi yakale, ya masilinda anayi, silinda iliyonse ndi kabuleta yake, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Inu a silinda imodzi izi sizikukukhudzani, kabuleta yanu ilibe inzake yoti ifanane nayo. Koma kwa ife, makabuleta akasiyana katsegukidwe, silinda ina imagwira ntchito ina n'kumangokokedwa. Injini imanjenjemera njinga itaima, ku kilatchi kumalira ngati mwalowa timiyala, ukasiya moto imachedwa kutsika. Ndiye ndinati ndiwalinganize ndekha pakhomo. Mageji anayi aja oyezera mmene silinda iliyonse ikukokera mpweya ndilibe, ndinakabwereka kwa mnzanga.

Ndipo wina asandiuze kuti ndinathamanga. Mavalavu ndinali nditayeza kale injini ili yozizira, mapulagi atsopano, fyuluta ya mpweya yoyera, timphira tolumikiza makabuleta ndi injini topanda mng'alu. Ndinatenthetsa injini, fani kutsogolo kuti isapse, kabotolo ka petulo kali lende m'malo mwa thanki, mapaipi anayi a mageji m'mabowo awo. Yoyamba ndi yachiwiri ndinalinganiza, yachitatu ndi yachinayi, kenaka sikulu yapakati yogwirizanitsa mbali ziwirizo. Ndikapotokola pang'ono, ndipatse moto, ndidikire ikhazikike, ndiwerengenso. Mivi inayi yonse inaima pamzere umodzi, mokongola zedi. Injini? Ikugwedezeka kuposa mmene ndinaipezera m'mawa. Ndinabwereza katatu. Ndinamasula makabuleta onse, kutsuka majeti (timabowo todutsa petulo) omwe anali oyera kale, kubwezeretsa, chala n'kupsa ndi ekizozi. Dzuwa likulowa m'pamene nzeru inabwera, yoti ndilumikize mageji onsewo, imodziimodzi, pa silinda imodzi yomweyo. Atatu anagwirizana. Ya nambala 3 inaloza kwayokha.

Ndimuimbire foni mwini wake. Akuti, "Aaa, yachitatu ija? Inagwa pansi kalekale, imanama pang'ono. Ine ndimangoiwerengera m'mutu." Akunena uku akuseka.

Achimwene, mutu wanuwo munandibwereka limodzi ndi magejiwo?

Ukapereka chida choyezera ukudziwa kuti chimanama, iwe n'kukhala chete, wanama ndiwe. Sipanala yothyoka imaoneka ndi maso, sikuludiraiva yokutha mlomo umaizindikira usanaiike n'komwe pa sikulu. Koma geji yonama imabwera ndi nkhope ya chilungamo, muvi ukuyenda bwinobwino, manambala akuoneka, iwe n'kuikhulupirira kuposa makutu ako. Ntchito yonse yolinganiza makabuleta ndi yofanizira, iyi ifanane ndi iyo, basi. Geji imodzi ikapotoka, ndiye kuti iweyo ndi dzanja lako, mosamala kwambiri, ukupotoza kabuleta yomwe inalibe mlandu. Ndi zimene ndachita ine tsiku lonse. Ndakhala ndikuwononga njinga yanga mwaluso, motsatira buku.

Akanandikaniza zikanakhala bwino. Akanati zida zanga sizichoka pakhomo, ndikanadandaula mphindi ziwiri n'kuona njira ina. Kundipatsa chonama mosandichenjeza ndi kundibera tsiku, petulo ndi khungu la chala. Kaya ndi manyazi, kaya kuiwala, zimenezo n'zake. Kapepala kamodzi komata pagalasi la geji, kolembedwa kuti iyi imanama, kakanamudyera chiyani?

Ndikudziwa ena muyamba zoti safunsa anadya phula. Ndadya, ndavomera, ndipo kuyambira lero geji iliyonse yobwereka iziyamba yayesedwa ndi inzake pa silinda imodzi ndisanakhudze sikulu. Koma ndikanafunsa kuti chiyani? Munthu akakupatsa muyeso, umamufunsanso ngati muyesowo umayeza? Amene akudziwa chilema cha chida ndi mwini wake. Iye ndiye anachigwetsa, iye ndiye wakhala akuchinyengerera nthawi yonseyi. Ine ndinachiona Loweruka lomwelo. Ndipo taganizani, ndikanangobweza osaimba foni ija, mawa lake nkhani ikanakhala yoti ndamuwonongera geji, paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mlandu ukanagwera ine, pa chinthu chimene chinafika m'manja mwanga chili chodwala kale.

Lamulungu ndinamaliza ntchitoyo ndi paipi yoonekera mkati, yopindidwa pakati, muli oyilo pang'ono, mbali iyi ku silinda ina mbali iyo ku inzake. Imene ikukoka kwambiri oyilo amakwerera komweko. Umayenda masilinda awiriawiri, imachedwetsa, ndipo uyenera kukhala tcheru kuti oyiloyo asayamwidwe kulowa mu injini ngati kusiyana kuli kwakukulu. Koma ilibe muvi woti ungapindike. Kapaipi wamba kanandiuza zoona zimene bokosi lokongola la mnzangayo linandibisira, ndipo injini inayamba kulira mofatsa ngati kale.

Bwereketsani zida, sindikuletsa, tonse timadalirana. Koma nenani matenda ake. Sikulu iyi ndi yolimba, paipi iyi imatulutsa mpweya, geji iyi inagwa. Pakamwa sipatha ndi mawu atatu.

Ndipo pamene ndili pomwepa, inu amene mumaima kumbuyo kwa munthu akugwira ntchito n'kumati "ine sindifuna geji, ndimamva ndi khutu", chonde manja m'thumba. Wina anadutsa Loweruka lomwelo, sanapereke n'komwe moni wokwanira, watola kale sikuludiraiva akufuna kupotokola timasikulu tosakaniza mpweya ndi petulo, toti sitikukhudzana ndi zimene ndimachita. Masilinda anayi akulira nthawi imodzi, fani ikuzungulira, iye akuti akumva kuti yavuta ndi yachiwiri. Njinga yake yomwe imalira mochita kukankha.