Dzina la nyanja yathu likhoza kugulidwa ife tili chigonere

Abale anga a kuno ku Salima, timawerenga .com, .org ndi .mw pa zikwangwani za malo ogona alendo ku Senga Bay, koma sitifunsa kuti kachidutswa kakumapeto kwa adiresi ya pa intanetika amakapereka ndani. Si boma lathu, si United Nations, si Facebook kapena Google. Ndi bungwe lotchedwa ICANN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles, ku America. Mpaka pa 1 Okutobala 2016, boma la America linali ndi dzanja pa ntchito yosunga kaundula wamkulu wa mayinawa. Lero maboma amangopereka uphungu kudzera mu komiti yawo ya GAC, koma wodula chigamulo ndi bodi ya ICANN.

Mayina a zilembo ziwiri alibe vuto kwenikweni. Amachokera pa mndandanda wa mayiko wa ISO 3166, n'chifukwa chake ife tili ndi .mw, a ku Zambia .zm, a ku Mozambique .mz. Ameneyo ndi wathu, palibe angatilande.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mayina atsopano a kumapeto kwa adiresi, omwe munthu amachita kupempha. Mu 2012 ICANN inatsegula khomo kuti amene akufuna dzina lake apemphe, koma kungoti pempho lako liunikidwe unkalipira madola 185,000 a ku America. Mapempho anafika 1,930. Ochokera mu Africa muno anali 17 okha. Kodi pamenepa tinganene kuti khomo linali la onse? Khomo lolowa ndi ndalama zotere ndi la makampani akuluakulu basi. Ngakhale .africa, yemwe African Union inamuikira kumbuyo, anachedwa ndi mikangano mpaka kudzayamba kugwira ntchito mu 2017. Anzathu a ku South Africa anachangamuka n'kutenga .joburg, .durban ndi .capetown.

Tamvani zimene zinawachitikira a ku South America. Kampani ya Amazon inapempha .amazon. Brazil ndi Peru anakana, nati limenelo ndi dzina la mtsinje ndi nkhalango kumene anthu awo akhala kuyambira makolo. Anakokana zaka zambiri, koma mu 2019 ICANN inalola kuti kampaniyo ipitirire. Malamulo a 2012 ankaletsa kutenga dzina la dziko, ndiye .malawi sangamukhudze, ndipo dzina la likulu la dziko linkafuna chilolezo cha boma. Koma mtsinje ndi nyanja zinalibe mpanda wotere. Ndiye ndikufunsa: mawa wina wa ndalama zake akapempha .nyasa kapena .chambo, adzaimirira ndani kunena kuti ayi? Msodzi wa ku Chia kapena mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu sadzamva n'komwe kuti nkhani yotere ilipo.

Kwathu kuno mfumu ikamagawa malo imaitana eni mudzi kuti aone malire. ICANN nayo imalengeza mapempho poyera ndi kupereka nthawi yoti anthu atsutse, izi ndisabise. Koma kulengeza m'Chingerezi pa tsamba lomwe sitilidziwa sikutithandiza ngati palibe munthu wathu amene ntchito yake ndi kuwerenga mndandandawo. A Argentina ndi Chile anadzuka msanga pa .patagonia, dzina la dera lina la m'mayiko awo, ndipo kampani yomwe inkalifuna inabweza pempho lake. Kulankhula kumaphula kanthu, bola ulankhule nthawi isanathe.

Ine ndikufuna a MACRA ndi unduna woona za mauthenga atiuze poyera kuti amene amatilankhulira ku GAC ndi ndani, nanga ndi mayina ati a malo athu amene akuwayang'anira. Aphungu athu a Salima ndi Nkhotakota afunse funso limeneli ku Nyumba ya Malamulo. Ndipo inu eni malo ogona alendo ndi mabungwe a kunyanja kuno, lembetsani ma adiresi anu pa .mw, kuti mlendo akangoona adziwe kuti malowa ali m'Malawi.